A Nowa ndi Alamu Awo

Pamaliro a bambo Nowa chaka chathachi, aliyense amene anaima kuti alankhule ananena zimodzimodzi: anali munthu wamtendere. Abusa anatero, wapampando wa bungwe lathu la maliro anatero, ngakhale bwana wa ku Darlington amene iwo ankamusamalirira maluwa anatumiza uthenga wotero. Wina anakumbutsa anthu mmene a Nowa ankakankhira alamu awo a Abisai pachikuku kupita nawo kutchalitchi, zaka zonse zimene a Abisai anali atafa mbali imodzi, mpaka kuwaika m'manda. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinakhala pamphasa kumbuyo ndikukukuta mano. Sikuti ankanama ayi. Kungoti mtendere umenewo ine ndinaona zimene unabala, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Ine ndine Sophie, kuno amanditcha mayi a Tarisai. Khomo langa ndi la a Nowa n'zoyang'anizana ku Sakubva, m'tauni ino ya Mutare, ndipo nthawi imene ndikunenayi ndinkagula mabelo a kaunjika ku Manica, tsidya la Mozambique, n'kumadzagulitsa pamsika.

A Nowa anabadwira kumgodi ku Penhalonga. Bambo awo anachokera ku Dedza, n'kufera kumgodi komweko osabwererakonso. Iwo atakula anatsikira m'tauni n'kulembedwa ntchito yotchetcha udzu m'mbali mwa misewu. Anali kamunthu kakafupi, kowonda, kosekera chilichonse. Tsiku lina nkhuku yawo inasowa, ndipo nthenga zake zinapezeka kuseri kwa nyumba ya mnansi wina. Ine ndinkadikira kuti lero kugwa munthu. Iwo anangopita n'kukafunsa kuti, "Achimwene, inali yonona? Ndifunse kuti ndidziwe ngati chakudya chimene ndikuzipatsachi chikugwira." Wakubayo anaseka, iwonso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Nkhuku zinapitiriza kusowa.

Atakwatira Emelda anasamukira kwa mkazi, monga ankachitira makolo athu kumudzi. Anthu a kuno amatiseka nazo zimenezi, amati mwamuna wanji wonyamula sutikesi kupita kwa apongozi. Koma mabanja ena athu sanazisiye, ngakhale m'nyumba za manambala zino. Nyumbayo inali ya makolo a Emelda, ndipo iwo atamwalira inalembedwa m'dzina la mchimwene wake wamkulu, a Abisai. Iwowa ankakhala mbali ina ya tauni, ku Dangamvura, koma mawu awo ankakhala ku Sakubva. A Nowa akafuna kudula nthambi ya mtengo wa mapeyala pabwalo, ankayamba akwera kombi, minibasi ya kuno, kukafunsa.

A Abisai anali munthu wina kotheratu. Wamtali, wa mawu aakulu, wolumikiza mabogi a sitima mpaka pamene ntchito inatha. Zala ziwiri zinatsala m'njanji, ndipo akamakuloza ndi dzanja limenelo unkayamba wapepesa usanadziwe chimene walakwa. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, koma anamenyapo kondakitala wa kombi mpaka kumugwetsera m'ngalande chifukwa chowatchula dzina lija limene anthu a kuno amatinyoza nalo ife a makolo a ku Malawi.

Sindingawanamizire kuti ankangopsa mtima popanda chifukwa. Mayi awo anamwalira ali kwa mng'ono wawo pafamu ina cha ku Odzi, n'kuikidwa komweko. Mafamu atalandidwa, antchito onse anabalalika. A Abisai anapita kuti akalambule manda, n'kupeza chimanga chitafika m'chiuno pamalo ponsepo. Mwini watsopanoyo anawauza kuti anthu opanda kwawo alibe manda. Kuyambira pamenepo Mshona aliyense wa kumudzi anali mdani wawo, ngakhale amene sanaonepo famu.

Chinthu chimodzi chokha chinkawafewetsa, ndicho Joyleen, mwana mmodzi yekhayo wa a Nowa ndi Emelda. Pamwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womulamulira ndi malume, mwini mbumba. Ana obereka okha a Abisai anapita ndi mayi awo banja litatha. Ndiye mbumba yawo yonse inali Joyleen. Yunifolomu ankagula iwo, nsapato iwo. Ankamukhazika pamwendo kumuphunzitsa Chichewa, iye n'kumawayankha m'Chishona dala kuti akwiye. Bambo ake ankangoonerera ali chapatali, akumwetulira ngati mlendo paukwati wa eni.

Joyleen anakula atatenga kuseka kwa bambo ake ndi khosi louma la amalume ake. Atamaliza sukulu ntchito kunalibe, ndiye ndinayamba kumutenga ku Manica. Zinali zaka zija m'masitolo munali mashelefu okhaokha, shuga ndi mafuta tikuchita kukagula kunja. Mabelo athu ankatinyamulira kuchokera pachipata cha malire cha Forbes mnyamata wina Mshona wa kumudzi ku Zimunya, dzina lake Kumbirai, amene ankayendetsa kagalimoto ka abambo ake aang'ono. Anali wofatsa, wosowa mawu. Joyleen ankalankhula njira yonse, iye n'kumangoti "ehe, ehe," maso ali pamsewu, makutu atatentha. Ndinazindikira pamene ndinaona kuti ine akundikhazika kumbuyo pamwamba pa mabelo, mpando wa kutsogolo ukusungidwira wina. Ndinakondwera nazo, chifukwa mnyamatayo sankamwa, ndipo ankamuyang'ana mwanayo ndi ulemu.

Loweruka lina masana kwa a Nowa kunabwera alendo. Anali amuna atatu a ku Zimunya, motsogozedwa ndi mkhalapakati wawo amene iwo amati munyai, kudzatula nkhani ya ukwati. Anabwera ndi shuga, mpunga, mafuta ophikira ndi sopo, zinthu zimene Kumbirai anakhala akusonkhanitsa miyezi yambiri, ndi kambale kamtengo koikamo kanthu kotsegulira pakamwa. Emelda anandiitana kuti ndimuthandize kukhitchini, ndiye zonse ndinaziona ndi maso anga.

Anthuwo sanalakwe dala. Kwa iwo mwana ndi wa bambo, ndipo malume ndi munthu wongoseka naye, wosafunika kumuitana pa nkhani zikuluzikulu. Analowa, nakana mipando, n'kukhala pansi. Anawakhazika a Nowa pasofa okha. Kenako anayamba kuomba m'manja mwaulemu, pang'onopang'ono, munyai uja n'kunena kuti, "Tauya kuna baba vemwana." Tabwera kwa bambo a mwana.

Emelda anawaitanira amuna ake kukhomo la kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti, "Bambo a Joyleen, tumizani munthu ku Dangamvura msanga. Musatsegule pakamwa achimwene asanafike."

"Alendo akhala kale pansi, mayi," anatero a Nowa. "Tingawasiye akuomba m'manja mpaka madzulo?"

"Kombi sichedwa. Ndikukupemphani."

Anayang'ana kuchipinda kuja. Amuna atatu aakuluakulu anali chikhalire pasimenti, kuwadikira iwo. Ndinaona nkhope yawo ndipo sindidzaiwala. Munthu uyu anali atakhala zaka zoposa makumi awiri m'nyumba imeneyo popanda wina kumufunsa maganizo ngakhale pa mtundu wa penti. Anakonza kolala ya malaya, nabwerera pasofa, n'kulandira kambale kaja. Anavomera zonse. Anaseka nawo alendowo, anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Ndinawamvera chisoni ndi mantha nthawi imodzi.

A Abisai anazimva m'mawa mwake pabwalo la tchalitchi, kwa amayi amene anabwera kudzawayamikira. Sanalowe n'komwe m'tchalitchi, analunjika kwa a Nowa. Ine ndinamva mawu awo ndili m'nyumba mwanga.

"Alamu, tandiuzani. Pamene munkachokera ku Penhalonga, mwana ameneyu munabwera naye?"

"Ayi, alamu, khalani kaye pansi timwe tiyi."

"Munabwera ndi sutikesi ndi chikwakwa. Ndinakulandirani ndine pageti apa. Lero mwagulitsa mbumba yanga ndi botolo la mafuta, kwa anthu olima pamanda a anzawo, ine ndili moyo, ndili ku Dangamvura kuno kokha?"

"Si omwe aja, alamu. Awa ndi a ku Zimunya."

"Onse ndi amodzi!"

A Nowa anayesa kuseka. Ananena kuti mwina tingowauza alendowo abwerenso, ayambirenso bwino, iwo akhale pansi, a Abisai akhale pasofa. Akanakhala munthu wina, nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Abisai anali atanyozeka pamaso pa mpingo, ndipo kunyozeka sankadziwa kukumeza. Analongedza katundu yense m'matumba, nakwera basi ya ku Zimunya atavala suti ya kutchalitchi. Kumeneko anakhuthula zonse pakati pa bwalo anthu akuona, shuga n'kusakanikirana ndi dothi, kambale kaja n'kukaponda ndi nsapato. Bambo ake a Kumbirai nawonso sanali munthu wosewera naye. Analumbira pomwepo kuti mwana wa anthu opanda kwawo sadzaponda pakhomo pawo.

Ndinawauza a Nowa kuti apite okha ku Zimunya akapepese, zinthu zisanaume. Anati, "Mayi a Tarisai, tisathamange. Mitima izizire kaye, zidzatha zokha." Mawu amenewo ankawakonda kwambiri. Anakhala chete, miyezi n'kumapita, ndipo palibe chimene chinatha.

Ana aja sanasiyane. Joyleen atazindikira kuti ali ndi pakati, anaganiza zotsata mwambo wa kwa mwamuna, wothawira kwa apongozi. Mtsikana amapita ndi mayi wina wamkulu, n'kukhala kumalire a bwalo atadziphimba nsalu kumutu, mpaka eni mudzi atuluke kudzamuvundukula ndi kumulowetsa. Panalibe wina womuperekeza, ndiye ndinapita ine. Tinakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Azimayi ankadutsa ndi zidebe osatiyang'ana. Nkhuku zinkatola pafupi ndi mapazi athu. Ndinkamva mwanayo akupuma movutika mkati mwa nsaluyo, koma sanadandaule. Dzuwa litapendeka Kumbirai anatuluka m'nyumba ya bambo ake, nabwera n'kumuvundukula yekha, zimene sizichitika. Bambo akewo anafuula ali pakhomo kuti ngati wasankha choncho apite naye, ndipo makiyi a galimoto awasiye.

Tinafika ku Sakubva dzuwa lisanalowe. Nkhani inali itatitsogolera, chifukwa a Abisai anali atakhala pampando pakati pa khomo. Emelda ankamveka kulira mkati. A Nowa anali m'kadimba kawo ka masamba, khasu lili m'manja. Joyleen anaima pageti ndi kachikwama kake. Sanayang'ane amalume ake. Anayang'ana bambo ake.

"Baba, ndipinde here?" anafunsa. Kenako anabwereza m'Chichewa chake chopindikacho, kuti aliyense amve. "Ndilowe?"

"Akalowa ameneyo," anatero a Abisai, "nonse mutuluke m'nyumba ya mayi anga lero lomwe."

Ine ndikukhulupirira mpaka lero kuti sakanachita zimenezo. Maso awo anali ofiira, ndipo sankatha kumuyang'ana mwanayo. Ankangofunika munthu woti awakanize kamodzi kokha, apeze pothawira. Zikanangotengera a Nowa kuyenda kuchoka m'dimbamo n'kukatsegula geti. Iwo anatsamira khasu, namwetulira kumwetulira kodwala, n'kunena kuti, "Mwanawe, amalume akowa ukuwadziwa, amawira msanga n'kuzizira msanga. Kagone kaye kwa anti akowa, mawa tikambirana."

Joyleen anatola chikwama chake n'kuwoloka msewu kubwera kwanga. Anakhala masiku angapo akudikira kuti bambo ake agogoda. Iwo ankangotumiza masamba ndi mazira kudzera kwa ine. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza atapita. Iye ndi Kumbirai anawolokera ku Mozambique, kumapiri a kuseri kwa Manica kumene anyamata amakumba golide. Pasanapite nthawi Emelda anagwa kubafa, mwendo ndi mkono n'kusiya kugwira, ndipo sanayendenso bwino mpaka imfa yake.

Apa n'kuti a Nowa ntchito yotchetcha itatha kale, akusamalira maluwa ku Darlington. Akaweruka ankayenda wapansi mpaka pafupi ndi Forbes, n'kumafunsa azimayi a mabelo ngati amuona mwana wawo. Ankafunsa moseka, ngati nkhani yaing'ono. Anthu ankawayankha mosekanso.

Ndinakumana naye Joyleen ndine, nyengo ya mvula, pamsika wa ku Manica. Ndikanamupitirira. Anali atakhala pakhonde la sitolo, miyendo itatupa, milomo itauma ndi malungo, mimba itatsika. Anandiuza mosalira kuti Kumbirai kulibe. Dzenje limene ankakumba linagumuka ndi mvula, anzake n'kumutulutsa atafa kale. Iye ankasungidwa ndi mayi wina wophikira okumba golide kumtunda kuja.

"Nyamuka, tipite limodzi lero," ndinatero. "Ukakhala kwanga."

"Ayi, anti. Handidi kumira pagedhi futi. Sindikaimanso pageti paja." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Muwauze baba abwere adzanditenge okha. Akabwera, ndipita. Ndizingoyang'ana kunjira."

Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinafika pomugwira dzanja kuti ndimukoke. Anali mwana wa mlongo wawo wa a Abisai ndithu. Ndinamugulira mankhwala a malungo ndi buledi, ndinafunsa bwino njira ya kumene ankakhala, n'kuthamangira kumalire.

Sindinapite n'kunyumba komwe. Ndinawapeza a Nowa ku Darlington akuthirira maluwa. Nditawauza, paipi inagwa m'manja madzi n'kumangothira nsapato zawo. Aka kanali koyamba kuwaona akulira. Pasipoti analibe, chifukwa chitupa chawo chinali chija cholembedwa kuti mlendo, ngakhale anabadwira konkuno. Ndinati zilibe kanthu, tidzera njira ya m'phiri imene timadzera tikakhala ndi katundu wambiri. Tinapangana kuti tinyamuka m'mawa.

M'mawa ndinawapeza pageti atavala jekete ndi tayi. Ndinadabwa, chifukwa palibe amene amakwera phiri atavala tayi.

"Ndikungofika kaye ku Dangamvura," anatero. "Ndikawadziwitse alamu."

"Mukawadziwitse chiyani? Mwana akufa uko!"

"Mayi a Tarisai, zonsezi zinayamba chifukwa ndinachita zinthu osawauza eni ake. Ndinalakwa kamodzi. Ndikakamutenganso osawauza, adzamubweza pageti kachiwiri, ndiye ndidzakhala nditamupha ndine."

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire, pamsewu anthu akumva. Ndinati mwanayo sanaitane amalume, waitana inu. Anangoweramitsa mutu n'kukwera kombi. Pa zonse zimene zinachitika, phunziro limene munthuyu anatolapo linali lakuti sanagonje mokwanira.

A Abisai anawamvetsera ali chiimire. Sanakane, sanavomere. Anati nkhani yotere siyankhidwa pamsewu, ayamba akhala pansi ndi akuluakulu a mpingo Lamulungu likubwerali, chifukwa mwanayo anachoka mochititsa manyazi ndipo ayenera kubwera mwadongosolo. Ndikuganiza kuti ankafuna kuti anthu awapemphe pagulu, kuti kufewa kwawo kuoneke ngati kumvera akulu. A Nowa anabwerako n'kundiuza kuti zikuyenda bwino, alamu sanakalipe. Ndinati tiyeni tsopano. Anati tidikire Lamulungu.

Ndinaganiza zobwerera ndekha, koma ndikanakamuuza chiyani? Kuti bambo ako akudikira msonkhano? Ndinatumiza uthenga ndi mayi wina wa mabelo kuti akubwera, alimbe mtima. Sindikudziwa ngati unafika. Lamulungu kunagwa chimvula, akuluakulu ena sanabwere, nkhani n'kuimitsidwa. A Nowa ankapita kuntchito, kubwerako, kumusambitsa Emelda, n'kukhala pakhonde atayang'ana kumapiri. Emelda ankawachonderera ndi pakamwa pake popotokapo kuti angopita. Iwo ankati, "Mawa, mayi. Alamu atsala pang'ono."

Sabata yachiwiri ili mkati, a Abisai anabwera okha m'mamawa, osadikiranso msonkhano. Anaoneka kuti sanagone masiku ambiri. M'manja munali pulasitiki, mkati muli kabulangete ka mwana katsopano, koyera. Anakapereka kwa a Nowa osawayang'ana kumaso.

"Pitani mukamutenge," anatero. "Mumuuze kuti chipinda chake chilipo."

A Nowa anawagwira dzanja lija la zala zitatu ndi manja onse awiri, akuthokoza mobwerezabwereza. Njira yonse ya m'phiri ankalankhula. Ankati mwaona, mayi a Tarisai, kudikira kuli ndi phindu, tsopano abwera bwinobwino popanda womuloza chala. Ankafunsa ngati mwana akabadwa angamutche dzina la mayi awo, kapena dzina liyenera kuchokera kwa alamu. Anagwa kawiri m'matope, koma pulasitiki ija ankaikweza m'mwamba kuti isade.

Tinafika masana pamalo a okumba golide. Panali misasa ya mapepala akuda ndi maenje odzaza madzi ofiira. Mayi wophika uja tinamupeza akutsuka mapoto. Nditatchula dzina la Joyleen anasiya kutsuka, napukuta manja pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwiratu.

Anatiuza m'Chishona cha kumeneko kuti matenda anamuyamba masiku anayi apitawo, malungo ali m'thupi. Galimoto yopita kuchipatala inakanika kukwera chifukwa cha matope. Mwana anabadwa wosalira, mayi ake n'kumutsatira tsiku lomwelo. Anati masiku onse asanadwale ankakhala pamwala wa kumapeto kwa misasa, pamene njira yochokera ku Mutare imatulukira, ndipo ngakhale ali pamphasa ankafunsa ngati sikunabwere bambo wina wamfupi. Anyamata okumba golide ndi amene anamuika, pafupi ndi mwamuna wake.

Anatitsogolera kuseri kwa misasa. Panali milu ingapo ya dothi, yopanda mtanda, yopanda dzina, mvula itayamba kale kuigumula. Analoza umodzi. A Nowa anaima pamenepo atakumbatira pulasitiki ija pachifuwa. Sanalire, sanagwade. Ankaoneka ngati akufunafuna kanthu koseketsa koti anene, koma sikanapezeke.

Mayi uja anawayang'ana, nayang'ana ine, kenako anawafunsa mofatsa kuti, "Ko imi, muri ani wake?" Nanga inu ndinu ndani wake?

Ndinadikira. Mayiyo anadikira. A Nowa anayang'ana dothi lija.

"Ine," anatero, "ndine mlamu wa amalume ake."